Chipika chachikulu: nkhuni za miyezi 9 zomwe ambiri amangozitentha

Mvula ya Malichi ndi Epulo ikakhathamiritsa nthaka m'boma la Nkhata Bay, mitengo ikuluikulu imayamba kugwa yokha. Mizu imakhala italekana ndi dothi, ndipo mphepo ikangowomba kuchokera kunyanja, mitengo ya mango yomwe adabzala agogo, bulugamu wa m'malire a munda ngakhalenso malaina wa pakhomo zimapezeka zili pansi. Mwera ukayamba m'mwezi wa Meyi umadzamaliza yomwe idatsala itapendekeka.

Zomwe zimachitika pambuyo pake n'zofanana kuyambira ku Tukombo, Kande, Chintheche, Mpamba mpaka ku Usisya. Pakutha pa sabata imodzi nthambi zonse zimakhala zitasadzidwa ndi kututidwa. Chimatsala ndi thunthu, lija loti munthu mmodzi sangalikumbatire, lomwe nkhwangwa ikamenya imangonjanja. Ena amalisiya pomwepo mpaka chiswe chitalimaliza. Ena, pofuna malo obzala chinangwa, amaliunjikira zinyalala n'kuliyatsa moto, ndipo limanyeka masiku angapo osaphikirapo ngakhale mphika umodzi wa kondowole. Mawa lake mayi wa pakhomo lomwelo amalawirira kuphiri kukadula timitengo tating'ono.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti mabanja atatu mwa anayi alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni. M'mbali mwa nyanja nkhuni zili ndi ntchito zinanso monga kuwamba nsomba, kufutsa usipa, kuwotcha njerwa ndi kuwotha pamaliro. Katundu yenseyu amagwera mapiri a Kandoli ndi nkhalango ngati za Mkuwazi ndi Ruvuo. Thunthu lililonse lomwe laolera m'munda likutanthauza kuti mitengo ing'onoing'ono yambiri idulidwa m'malo mwake.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze thunthu la mango lotalika mamita 4, lomwe mukaliyeza kuchoka pakhungwa la mbali ina, kudutsa pakati, kufika mbali inayo ndi masentimita 80. Likadali laliwisi, thunthu lotere limalemera pafupifupi matani awiri. Mukalidula zipika za masentimita 40 mupeza zipika 10, chilichonse cholemera makilogalamu pafupifupi 200, kufanana ndi matumba anayi a feteleza. Thunthulo likakhala lokula mita imodzi, chipika chake chimafika makilogalamu 300, omwe ndi matumba asanu ndi limodzi.

Zikauma, nkhuni za thunthu la masentimita 80 lija zimatsala makilogalamu pafupifupi 1,200. Pa mtolo wa makilogalamu 30, imeneyi ndi mitolo 40. Bungwe la Ripple Africa, lomwe lakhala likugwira ntchito ku Mwaya kufupi ndi Kande kuyambira m'chaka cha 2003, limati banja lophikira pamafuwa limatha mitolo itatu pasabata, pomwe lophikira pambaula ya Changu Changu Moto limatha mtolo umodzi. Ndiye kuti thunthu limodzi lokhali ndi nkhuni za miyezi itatu pamafuwa, kapena miyezi 9 pambaulayo, osawerengera nthambi. Awa ndi maulendo 40 a kuphiri omwe mayi sangayende.

Funsani kaye mwini wake

Mtengo ukagwa sikuti wasanduka wa aliyense. Womwe mudabzala nokha pakhomo kapena m'munda mwanu ndi wanu. Wa m'malire, kambiranani ndi mnzanu wa munda woyandikana nanu nkhwangwa isanalire. Wa m'nkhalango ya m'mudzi uli m'manja mwa nyakwawa ndi komiti yosamalira zachilengedwe, wa kumanda ndi nkhani ya amfumu, pomwe wa m'nkhalango ya boma kapena m'esiteti ngati ya raba ya Vizara ndi ya tiyi ya Kawalazi suyenera kukhudzidwa popanda chilolezo cha eni ake.

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, lili ndi zilango zokhwima, ndipo mawu oti "udagwa wokha" sapulumutsa munthu wopezeka ndi nkhuni za m'nkhalango yotetezedwa alibe chikalata. Mitengo monga mbawa, mlombwa ndi muwanga ndi yotetezedwa, choncho dziwitsani mlangizi wa zankhalango wa m'dera lanu musanaidule. Mukafunanso kugulitsa nkhuni zambiri kapena kuzinyamula pagalimoto, yambani mwafika ku ofesi ya zankhalango kukafunsa za chilolezo.

Funso lachiwiri ndi lakuti: kodi mtengowu ntchito yake yabwino ndi nkhuni? Thunthu lowongoka ndi lopanda mphako lingatulutse matabwa, bwato kapena mitondo, zomwe phindu lake limaposa la nkhuni. Itanani ocheka matabwa kapena wosema mabwato alione lisanadulidwe, chifukwa zipika sizilumikizika. Oyenera nkhuni ndi mathunthu opindika, a mphako, a mfundo zambiri komanso zotsala ocheka matabwa akachoka.

Mtengo wogwa ndi msampha

Mtengo wogona pansi umaoneka ngati watheratu, koma mbali zina umakhala utakungika ngati uta. Nthambi yopanikizika pansi ikadulidwa imabwerera ndi mphamvu yothyola mwendo kapena nsagwada. Yambani kusadza kuchokera kunthambi za pamwamba, mutaima mbali ina ya thunthu, nkhwangwa ikugwira mbali inayo. Nthambi zomwe zachirikiza thunthu ngati miyendo zikhale zomalizira, mutaika kale miyala kapena zipika zing'onozing'ono pansi pake kuti lisakutembenukireni.

Mtengo wozuka ndi mizu yomwe uli ndi ngozi yakeyake. Mizu ndi dothi zimaima ngati khoma, n'kusiya dzenje kumbuyo. Thunthu likangodulidwa kutsinde, khoma lija limatha kubwerera m'dzenjemo mwadzidzidzi. Ana amakonda kusewera m'maenje otere, choncho yang'anani kaye kuti mulibe munthu kapena chiweto musanamalize kudula.

Pamalo otsetsereka, monga m'mapiri ozungulira Usisya, Ruarwe ndi Chikwina, imani kumtunda nthawi zonse. Tsekerani miyala kumunsi kwa chipika chilichonse chisanaduke, ndipo onani zomwe zili kumunsiko, kaya ndi nyumba kaya njira ya kumadzi. Chipika cha makilogalamu 200 chikayamba kugubuduka palibe wochigwira.

Mtengo ukagwera mawaya a magetsi musauyandikire, dziwitsani a Escom. Ukakhala wa mphako, gogodani ndi ndodo yaitali n'kudikira pang'ono chifukwa mumakhala njuchi ndi njoka. Chipika chomwe chakhalitsa pansi chitembenuzeni ndi mtengo, osati ndi manja, poti mphiri ndi zinkhanira zimakonda malo otere.

Kudula zipika

Kudula thunthu lalikulu ndi nkhwangwa kumataya nkhuni zambiri, kaamba koti mpata wotema umayenera kutambalala pafupifupi ngati kukula kwa thunthu lenilenilo. Sowo ya anthu awiri kapena makina a chainsaw amadya masentimita ochepa okha. Mabanja angapo omwe ali ndi mitengo yogwa angathe kusonkha n'kuitana mwini makina tsiku limodzi. Gwirizanani malipiro ntchito isanayambe, komanso yemwe agule petulo ndi oyilo.

Mukonzereni wodulayo malo. Palani mchenga ndi dothi pakhungwa pomwe tcheni idutse, chifukwa mchenga wa kunyanja umabunthitsa mano a tcheni mwachangu. Mitengo ya mango ya pakhomo imakhalanso ndi misomali ndi mawaya oyanikira zovala zomwe zidamira m'thunthu kalekale. Mukadziwa pomwe zili, muuzeni.

Zipika zikhale za masentimita 30 mpaka 40. Chipika chachifupi chimapepuka, chimang'ambika msanga, ndipo nkhuni zake zimalowa bwino mu Changu Changu Moto ndi mu Chitetezo Mbaula. Pamphanda ndi pamfundo zikuluzikulu dulani zifupi kuposa apa, ngakhale masentimita 20. Pemphani kuti mdulo uziwongoka kuti chipika chizikhazikika osagwedera. Thunthu lomwe latsamira nsonga zonse ziwiri, pakati pali m'malere, limapana sowo mukamadula kuchokera pamwamba. Khomani kamtengo kosongoka mumdulomo, kumbuyo kwa sowo, kuti usatsekeke. Kakhale ka mtengo, chifukwa chitsulo chikakhudzana ndi tcheni chimaononga mano ndi kuvulaza wodula.

Zida zoyenera

Nkhwangwa ya makolo, ija yolowetsa chitsulo m'mpini wa mutu, idapangidwira kutema. Mpeni wake ndi wopyapyala, moti pachipika chachikulu umangolowa n'kukanirira. Mukaupotokola kuti utuluke, mutu wa mpini umasweka, ndipo paja akuluakulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Mwini ntchito pachipika chotere ndi chikhomo chong'ambira, chomwe amisiri amati weji. Ichi ndi chitsulo kapena mtengo wosongoka kumodzi ngati mpeni wa nkhwangwa, womanka nunenepa kumapita kumutu.

Pezani zikhomo zachitsulo ziwiri kapena zitatu, zotalika masentimita 20 mpaka 25. Chimodzi sichikwana, chifukwa chikamira m'chipika pamafunika china chochiwombola. Amisiri osula ndi owotcherera zitsulo a pa Chintheche, Mpamba kapena pa boma angakupangireni kuchokera ku chitsulo chochindikala. Auzeni kuti mutu wake asaulimbitse kwambiri, poti chitsulo cholimbitsitsa chimabenthuka n'kuulukira m'maso.

Zikhomo za mtengo mungaseme nokha zinayi kapena kuposa, kuchokera ku gwafa, keshya kapena bulugamu wouma. Zitalike masentimita 30, kumutu zinenepe masentimita 8 mpaka 10, ndipo zisongoke pang'onopang'ono chifukwa chonenepa mofulumira chimalumpha mukachimenya. Chomenyera chikhale hamala ya makilogalamu 4 kapena 5, kapena chibonga chachikulu chosema kutsinde la mtengo wolimba. Onjezerani mtengo wowongoka wa mamita 2 wotukulira, chingwe cholimba, tupa ndi tayala lakale la galimoto. Valani jombo, buluku lalitali ndi magalasi oteteza maso. Nkhuni sawazira patapata.

Malamulo awiri a zida ndi awa. Musamenye kumbuyo kwa nkhwangwa ndi hamala yachitsulo. Mukafuna kuikhomerera, gwiritsani chibonga cha mtengo. Ndipo mutu wa chikhomo chachitsulo ukaphwanyika n'kutambalala ngati bowa, upaleni ndi tupa musanapitirize, chifukwa m'mphepete mwa bowa ameneyo ndimo mumachokera tizitsulo touluka.

Osachinyamula

Msana wa munthu sudapangidwire matumba anayi a feteleza nthawi imodzi. Lamulo lalikulu ndi lakuti chipika ching'ambidwe pomwe chadukira, kunyumba kupite nkhuni zowaza kale. Mukakakamizika kuchisuntha, mwina kuti chichoke m'matope kapena panjira, chigubuduzeni. Chipika chogona pakhungwa lake chili ngati tayala. Kankhani ndi mphamvu ya miyendo, mawondo atapindika, msana uli wowongoka.

Pochitembenuza kapena kuchidzutsa, lowetsani nsonga ya mtengo wotukulira pansi pake n'kuika mwala pansi pa mtengowo, masentimita 40 kuchokera kunsonga. Mukatsindika kumapeto kwa mtengo wa mamita 2, mphamvu yanu imachuluka kanayi. Mnzanu azitsekera mwala kapena chikuni pomwe chipika chatukuka, pokankha ndi ndodo, zala zisalowe pansi.

Pokweza chipika kamtunda kapena pangolo, chingwe chimathandiza, ndipo zingwe zakale za chilimira zimagwira bwino ntchitoyi. Mangani nsonga imodzi kumtunda, pachitsa kapena pangolo. Dutsitsani chingwe pansi pa chipika, chizungulire kumbuyo kwake n'kubwerera kumtunda podzera pamwamba. Mukamakoka muli kumtunda, chipika chimagubuduka kubwera kwa inu ndi theka la mphamvu yomwe mukadagwiritsa pochikankha. Pangolo yalani mitengo iwiri yolimba ngati mlatho wokwerera, ndipo kumunsi kwa chipika kusaime munthu.

Kumadera ngati Usisya ndi Ruarwe, komwe katundu wambiri amayenda panyanja, m'bwato ndi m'boti muzilowa nkhuni zowaza zokha, zoyalidwa pansi mofanana mbali zonse. Chipika chathunthu chikagubudukira mbali imodzi pafunde la mwera chimatembenuza bwato.

Yambirani m'mphepete

Khazikani chipika panthaka yolimba, mfundo zili kumunsi. Mchenga umameza mphamvu ya nkhwangwa, choncho pamchenga yalani kaye thabwa lochindikala kapena chipika chachifupi.

Ambiri amalephera chifukwa amamenya pakati penipeni, pomwe mitsempha yonse ya mtengo yagwirana, n'kutopa chipika chili chomwecho. Njira yosavuta ndi kubenthula m'mphepete. Yang'anani mizere yozungulira yomwe imaoneka pomwe sowo yadutsa. Menyani masentimita 8 kapena 10 kuchokera pakhungwa, chakumanja kapena chakumanzere kwa chipika, mpeni wa nkhwangwa utagona motsata mizereyo. Chibenthu chimachoka ngati mukusenda chinanazi. Sunthani pang'ono, benthulaninso, mpaka mutazungulira. Chipika chimatsala cha makona, ndipo makonawo ndiwo mumabenthula ulendo wachiwiri. Mukazungulira kawiri kapena katatu, pakati pamatsala kachipika koti nkhwangwa ikang'amba kamodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Poima, talikitsani miyendo ndipo pindani mawondo pomwe nkhwangwa ikutsika, kuti ikaphonya ikathere m'nthaka osati pamsongolo. Yang'anani kumbuyo ndi pamwamba kuti palibe nthambi kapena chingwe choyanikira zovala chomwe chingakole nkhwangwa.

Chipika chikakana kubenthuka, tengani zikhomo. Pakangopita masiku ochepa chidulidwireni, pamaoneka ming'alu yochokera pakati kulowera kukhungwa. Sankhani waukulu, ndipo khomani chikhomo chachitsulo pamng'aluwo chakufupi ndi khungwa. Yambani ndi kugogoda pang'ono mpaka chitaima chokha, kenako chotsani dzanja n'kumenya ndi mphamvu. Khomani chachiwiri mbali inayo pamzere womwewo, muzimenya mosinthana. Mukamva mtengo ukulira, pumani kaye, chifukwa umapitiriza kung'ambika wokha. Mng'alu ukatseguka, lowetsani chikhomo cha mtengo kuti chachitsulo chimasuke. Ulusi womwe wagwirizitsa mbali ziwirizo uduleni ndi chikwanje. Dzanja lisalowe mumng'alu, poti chikhomo chikalumpha chipika chimatseka ngati kamwa la ng'ona.

Pamtengo wauwisi chikhomo chimakonda kuterera n'kutuluka. Thirani mchenga wouma kapena phulusa mumng'alumo kuti chigwire. Popanda mng'alu, temani mzere ndi nkhwangwa kudutsa pakati, kapena pemphani wa chainsaw acheke kangalande kozama masentimita 5 pachipika chilichonse asanachoke. Magawo omwe atuluka aimikeni m'kati mwa tayala lakale n'kumawaza ali momwemo. Sagwa, simuwerama kawirikawiri, ndipo nkhwangwa yophonya imagwera pamphira.

Komwe kulibe sowo kapena makina, thunthu ling'ambeni m'litali lisanadulidwe. Khomani chikhomo chachitsulo kutsinde, pomwe padaduka. Mng'alu ukayamba kuyenda pakhungwa, khomani china kutsogolo pomwe wathera. Choyamba chikamasuka, ikani cha mtengo m'malo mwake, chachitsulocho mukachikhome kutsogolo kwa chinzake. Pitirizani choncho mpaka kunsonga. Magawo awiriwo ang'ambeninso pakati kawiri kapena katatu, ndipo zomwe zatuluka nkhwangwa imazidula mosavuta.

Mphanda ndi mfundo zina sizigonja. Musathere tsiku pa izo. Wa makina angazigoneke chammbali n'kuzicheka motsata mitsempha, apo ayi zisungeni zikhale zikuni zosunga moto pamaliro kapena powamba nsomba, mipando ya pabwalo, kapena powazira nkhuni zina.

Mtengo uliwonse ndi khalidwe lake

Bulugamu amafuna kuwazidwa akadali wauwisi, m'masabata oyambirira. Akauma amalimba ngati chitsulo ndipo mitsempha yake imapotana. Apa ndi pomwe zengerezu adalinda kwawukwawu. Keshya amang'ambika bwino ndipo amapereka makala okhalitsa.

Mango ali ndi mitsempha yolukana, choncho amafuna zipika zifupi ndi kubenthula m'mphepete. Utomoni wake umayabwa ndi kutulutsa matuza kwa anthu ena, motero valani malaya a manja aatali ndipo sambani ndi sopo mukaweruka. Malaina ndi wofewa ndi wosavuta kuwaza, koma amachedwa kuuma ndipo moto wake sukhalitsa. Mtengo wa raba umang'ambika mosavuta, koma umachita nkhungu ndi kufumbwa msanga, choncho uwazidwe ndi kuyanikidwa ukangodulidwa.

Mlambe, womwe ndi wochuluka ku Usisya, m'kati mwake ndi ulusi wonyowa wokhawokha, sukhala nkhuni. Mkuyu nawo moto wake ndi wochepa poyerekeza ndi ntchito yake. Powamba nsomba pewani paini chifukwa utomoni wake umasiya fungo ndi kuwawa. Musaphikire kapena kuwambira mapolo onyikidwa m'mankhwala ndi matabwa a boti opakidwa penti, utsi wake ndi poizoni.

Kuyanika

Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wauwisi ndi madzi. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zaziwisi imapereka pafupifupi theka la kutentha komwe kilogalamu ya zouma imapereka, chifukwa moto umayamba wawiritsa madziwo. Zotsatira zake ndi utsi, womwe umabweretsa chifuwa, chibayo kwa ana ndi kuwawa kwa maso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse.

Chipika chosang'amba chimatha chaka m'kati mukadali monyowa, poti khungwa limatsekera madzi. Nkhuni zowaza zonenepa ngati mkono zimauma m'miyezi iwiri kapena itatu ya dzuwa, zikuluzikulu zimafuna nthawi yoposa apa. Boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri, ndipo mvula yake imachedwa kutha. Choncho mtengo wogwa m'Epulo uwazidwe pofika Juni kapena Julayi, kuti mwera ndi dzuwa la Ogasiti mpaka Okutobala zigwire ntchito yake mvula ina isanayambe.

Sanjani nkhuni pamwamba pa mitengo iwiri yogonekedwa pamiyala, zitalikire nthaka masentimita 20 kapena kuposa, kuti chinyezi ndi chiswe zisafike. Mzere ukhale umodzi, wopingasa komwe mphepo imachokera, ndipo usapitirire pachifuwa panu kuti usagwere ana. Kumapeto onse awiri sanjani mopingasanitsa kuti mulu ulimbe. Folerani pamwamba pokha ndi udzu kapena malata akale, m'mbali musiye poyera. Kukulunga mulu wonse ndi pulasitiki kumaoletsa nkhuni. Musatsamize mulu kukhoma la nyumba kapena kunkhokwe chifukwa umaitana chiswe, makoswe ndi njoka.

Nkhuni youma imapepuka, imachita ming'alu kunsonga, ndipo mukagundanitsa ziwiri zimalira mokweza ngati mabelu a mtengo. Yomwe ikutuluka thovu kunsonga ikakhala pamoto ibwezeni pamulu.

Mutu umodzi susenza denga

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri kapena atatu: wina akumenya, wina akutsekera ndi kusanja, n'kumasinthana. Womenya akakweza hamala, enawo ataluke, ndipo ana ndi oonerera akhale mamita 10 kutali. Gwirani mmawa dzuwa la kunyanja lisanakwere, imwani madzi, ndipo lekezani manja akayamba kunjenjemera, chifukwa ngozi zambiri zimachitika munthu atatopa. Mowa udikire mpaka zida zitasungidwa.

Wina akatemeka, tsindikani pabala ndi nsalu yoyera, kwezani mwendo kapena mkonowo n'kuthamangira kuchipatala chapafupi, komwe akaonenso za katemera wa kafumbata. Musathire dothi, phulusa kapena oyilo pabala. Kachitsulo kakalowa m'diso musatikite kapena kuyesa kukachotsa, phimbani disolo n'kupita kuchipatala. Wolumidwa ndi njoka asatemedwe mphini kapena kuyamwidwa pabala. Anyamulidwe, asayende yekha.

Chitsa chisiyeni chiphukire

Bulugamu, keshya ndi malaina amaphukira pachitsa ngati mizu ikadali m'nthaka. Chiduleni mopendeketsa kuti madzi asakhazikike, ndipo musachiyatse moto. Mphukira zikakula, siyani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zomwe pakapita zaka zochepa zidzakupatsani mapaso ndi nkhuni zosafuna chikhomo. Utuchi ndi makungwa zipite kukhola kapena padzenje la manyowa.

Pomwe mtengo wazuka ndi mizu, kwirirani dzenjelo n'kusungira malowo mbande. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mbande zimapezeka kumanazale a m'midzi ndi kwa alangizi a zankhalango. Pamalo pa mango okalamba bzalani mango olumikiza, m'malire mubzale keshya wa nkhuni. Mtengo wa masentimita 80 udatenga zaka makumi angapo kuti ufike pamenepo, ndipo amene adaubzala mwina sadaotheko moto wake. Wotsatira ubzalidwe ndi inu mvula ikubwerayi.